Anataya Kamuzu, Iwe Ndiwe Ndani?

Ndinabwerera kwathu ku Chambe ndi chikwama chimodzi, laputopu yong'aluka pakona ndi kalata ya ndime ziwiri. Kalatayo inkati pulojekiti yomwe ndinkagwirako ntchito yaima kaye, poti dziko lomwe linkapereka ndalama likuunikanso mfundo zake. "Yaima kaye" ndi chiyankhulo cha m'maofesi, tanthauzo lake ndi loti longedzani. Kwa chaka ndi miyezi inayi tinkayenda m'midzi ya kuseri kwa phiri, mbali ya ku Phalombe, kulemba mabanja omwe namondwe Freddy anawasiya pamtetete mu March 2023. Ulendo womaliza tinawauza kuti tibweranso Lachinayi. Lachinayi limenelo mpaka lero silinafike.

Tsiku lina madzulo, chiperoni chitakuta phiri moti ngakhale thanthwe la Chambe silinkaoneka, ndinali pakhonde ndi amalume tikusenda nandolo wamuwisi. Ndinayamba kudandaula. Ndinati anthu akunjawa alibe chisoni, amakutenga ngati ndodo yowolokera mtsinje, akaponda tsidya n'kukuponya m'madzi. Amalume anandisiya ndiyankhule mpaka malovu kuuma. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu. Unyamata wawo wonse unathera pamwamba pa phiri akucheka matabwa, kenako ankasenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula mpaka maondo anakana. Koma wailesi ndiye saisiya, ndipo zomwe anamva zaka 30 zapitazo amazikumbukira kuposa momwe ine ndimakumbukira zomwe ndinalemba pa mayeso. Nditamaliza anaseka pang'ono, n'kuponya makoko m'lichero.

"Mphwanga, anthu amenewa anataya Kamuzu. Kamuzu weniweni, wa litchowa uja. Nanga iwe ndiwe ndani?"

Mawu amenewa andisowetsa tulo kwa masabata. Funso lomwe andisiyira ndi ili: munthu akakuthandiza chifukwa cha zofuna zake, kenako n'kukusiya zofunazo zikasintha, wakulakwira? Ndipo ngati zabwino zina zomwe tili nazo, kuphatikizapo ufulu woti ndilembe zino popanda kuyang'ana kukhomo, zinabwera chifukwa zofuna za anthu omwewo zinasintha, ndiye tithokoze ndani?

Ife obadwa cha m'ma 1997 za Kamuzu timazimva ngati nthano: makadi a chipani pachipata cha msika, amayi ovina pabwalo la ndege, thalauza loletsedwa kwa akazi, tsitsi lalitali loletsedwa kwa amuna. Chomwe sitiuzidwa kawirikawiri n'chakuti ulamuliro umenewu sunkadzidyetsa wokha. Unali ndi abwenzi, ndipo abwenziwo anali ndi zifukwa zawo.

Nthawi imeneyo dziko lapansi linali logawika pawiri, America ndi anzake mbali iyi, Soviet Union ndi anzake a chikomyunizimu mbali inayo. Okhaokha sankaomberana, ankamenyana kudzera mwa ena, ndipo m'kalasi timaitcha Cold War. Kamuzu anasankha mbali msanga, osabisa n'komwe. Mu 1966 anamanga ubale ndi Taiwan osati China ya Mao. Mu 1967 anatsegula ukazembe ndi South Africa ya tsankho, pomwe mayiko ena olamulidwa ndi anthu akuda ankaisala, ndipo mu 1971 anakachezako yekha. Ngongole yomangira Capital Hill ku Lilongwe inachokera komweko. Tsono yang'anani anansi athu. Tanzania ndi Zambia ankamanga njanji ya TAZARA ndi China. Ku Mozambique, chipani cha Frelimo chinalengeza mu 1977 kuti chikutsata mfundo za Marx ndi Lenin. Pakati pa anansi otere Malawi ankaoneka ngati mlonda wodalirika, ndipo mlonda wodalirika sumufunsa kuti ana ake kunyumba amawamenya ndi chiyani.

Sikuti sankadziwa ayi. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zikupsa. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu December 1981 n'kugamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango chomwe pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Chaka chomwecho cha 1983 Attati Mpakati anawomberedwa ku Harare, ndipo mu May nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Jack Mapanje analowa ku Mikuyu mu 1987 popanda mlandu womwe anamuwerengera. Mabungwe ngati Amnesty International ankalemba zimenezi, aliyense wofuna kuwerenga akanawerenga. Komabe mu March 1989 Margaret Thatcher anabwera kudzacheza, manja anagwirana, zithunzi zinajambulidwa.

Pa 9 November chaka chomwecho khoma la Berlin linatseguka. Mu February 1990 Nelson Mandela anatuluka m'ndende. Mu October 1991 Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba pachisankho cha zipani zambiri, ndipo pofika December Soviet Union kunalibenso. Mu May 1992 mayiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi zina zopulumutsa miyoyo, ati mpaka Malawi ayambe kulemekeza ufulu wa anthu. Apa ndiye pomwe pamandiwawa. Ndende ya Mikuyu sinamangidwe mu 1992. Manda a anthu anayi aja anali atamera kale udzu. Chomwe chinasintha si Kamuzu. Wakuba yemwe mlonda ankalondera ndi amene anali atamwalira, ndiye bwana anayamba kuona kuti mlondayu ali ndi nkhanza.

Mnzanga wina wa ku koleji amakonda kulemba pagulu lathu la WhatsApp kuti demokalase yathu ndi ya pakaunjika: anavala kale ena, inabwera m'belo, n'chifukwa chake pena imatithina pena imatikhwepa. Anthu amaseka, ine ndemwe ndinkaseka. Koma ndikaganiza bwino, nthabwala imeneyi imanyoza anthu omwe sayenera kunyozedwa. Pa 8 March 1992, miyezi iwiri msonkhano wa ku Paris usanachitike, kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuikira kumbuyo mabishopuwo, podziwa kuti ena anasowa chifukwa cha zochepa kuposa pamenepo. Pa 6 April Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino lomwe kuti apolisi akumudikira. Kumayambiriro kwa May ogwira ntchito ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, sitalaka inafalikira, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa m'misewu. Palibe kazembe anafa pa masiku amenewo. Amalume akuti ankatsitsa wailesi mpaka pansi, khutu pa sipika, kumvera Channel Africa m'Chinyanja, ana atawatuma kukaima panja kuti aone ngati kukubwera munthu. Pa 14 June 1993 anadzuka kusanache kukavotera nyali, osati tambala wakuda, ndipo anthu 63 mwa 100 aliwonse anachita chimodzimodzi. Zimenezi sizinabwere m'belo.

Koma chilungamo chake, olimba mtima analipo kuyambira kale. Henry Chipembere anayesa mu February 1965, ulendo wake unathera pa doko la Liwonde. Yatuta Chisiza anayesa mu 1967, anaphedwa. A Chirwa aja, a Mpakati aja, ndani anganene kuti mtima wawo unali wochepa poyerekeza ndi wa anthu a 1992? Kusiyana kwake n'kwakuti a 1992 anayankhula pa nthawi yomwe thumba la Kamuzu linali litayamba kutsekedwa kunja. Ndinawafunsa amalume kuti ndiye zoona ndi ziti, tinadzimasula tokha kapena anatimasula?

Anayankha monga wocheka matabwa. Akuti mtengo waukulu ukamagwa m'phirimu, wodutsa amati yagwetsa ndi mphepo. Koma mphepo imagwetsa mtengo womwe wina waudula kale theka, ndipo iwe wodulawe, ukakhala wanzeru, umayang'ana komwe mphepo ikulowera usanaponye nkhwangwa yomaliza. "Nanga mphepo umaithokoza? Umaikwiyira? Mawa iomba kwina."

Yankho limeneli ndinalikonda kwa masiku atatu, kenako linayamba kundinyansa. Vuto lake ndi loti mayiko si mphepo. Mphepo siwerenga malipoti. Mu 1983 kunali anthu enieni, a mayina ndi ma digiri, omwe anawerenga za ku Mwanza m'mawa, masana n'kusayinira ndalama. Anali ndi mwayi wosankha, ndipo anasankha. Tikawatcha mphepo tawakhululukira asanapepese n'komwe. Ndaona kuti ophunzira ambiri timakonda kuyankhula chonchi: mayiko alibe abwenzi, ali ndi zofuna basi, ndi mmene zimakhalira. Timakunena mokweza mapewa, ngati kuti kusadabwa ndi chinthu choipa ndiye uchikulire. Koma kunena kuti "ndi mmene zimakhalira" n'kufotokoza chabe, sikuweruza. Mbava nazonso zili ndi mmene zimakhalira.

Nanga chabwino chochitidwa mochedwa, pa nthawi yomwe sichikukudyera kanthu, chikadali chabwino? Ine ndikuti inde, koma kuchedwako kuli ndi mtengo, ndipo amalipira ndi ena. Vera Chirwa anatuluka m'ndende mu January 1993, ndipo sindikayika kuti kufinya kwa ku Paris kuja kunathandiza kutsegula chitseko. Mwamuna wake Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, patangotha miyezi isanu chichitikireni msonkhanowo. Zomwe ananena mu 1992 akanazinena mu 1984, mwina nkhalambayo ikanafera pakhomo pake. Ndiye ndikhoza kuvomera kuti anachita bwino, koma kuwaombera m'manja ngati opulumutsa, manja anga amalemera.

Mpaka apa nkhani inkandikomera, chifukwa wolakwa anali wakutali ndipo ine ndinali wolakwiridwa. Yomwe inandisokoneza ndi nkhani ya anganga anga obereka bambo, omwe kwawo kunali kufupi ndi Muloza, pomwe mtsinje wokha ndi umene umasiyanitsa ife ndi Milange.

Kwa anthu a kumeneko Cold War sinali ya m'buku. Renamo, yomwe inaleredwa ndi Rhodesia kenako South Africa, inkamenyana ndi boma la Frelimo, ndipo cha m'ma 1986 nkhondo inafika poipa m'chigawo cha Zambezia. Boma lathu linkaponda kuwiri: anansi ankaliloza chala kuti likusunga Renamo, moti mu September 1986 Samora Machel, Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso, koma kuyambira 1987 asilikali athu omwe ankalondera njanji ya ku Nacala kuti Renamo yomweyo isaiphwanye. Akuluakulu akusewera bawo imeneyi, anthu wamba ankawoloka mitsinje ndi mitolo pamutu. Anafika oposa 1 miliyoni, m'dziko lomwe kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni.

Mmodzi mwa iwo anali mayi wa ana atatu yemwe anaima pabwalo la anganga m'mawa wina n'kupereka moni m'Chilhomwe. Anganga sanamufunse ngati mwamuna wake anali wa Frelimo kapena wa Renamo. Anamupatsa khitchini kuti azigonamo ndi kachigawo ka munda. Ndili mwana nkhaniyi ndinkaimva ngati ya woyera mtima. Nditakula, anganga eni akewo anandiuza mbali inayo akuseka. Mayiyo ankalima m'munda mwawo kuyambira m'mamawa popanda malipiro. Khadi lake la othawa nkhondo linkabweretsa ufa, mafuta ophikira ndi mchere, zinthu zomwe pakhomopo zinkasowa. M'chilala cha 1992 ufa wa mlendoyo ndi umene unapulumutsa ana a mwini mudzi. "Ukuganiza kuti ndinali wopusa?" anatero anganga. "Kupatsa n'kuika, mdzukulu wanga."

Ndiye eti, ngakhale anganga anga anali ndi zofuna zawo. Ngati kuthandiza munthu uku ukuyembekezera phindu ndi tchimo, anganga ndi Thatcher ali m'gulu limodzi, ndipo zimenezo mtima wanga ukukana. Kusiyana kuyenera kuti kuli penapake. Ndakufunafuna, ndipo ndikuganiza kuti ndakupeza kumapeto kwa nkhaniyo osati koyambirira.

Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo pang'onopang'ono. Khadi lija linatha ntchito, ndipo mayiyo analibenso choti n'kubweretsa pakhomo. Anganga sanamuuze kuti ubale waima kaye. Anamusunga mpaka anakolola, anamumangira mbewu ya nandolo ndi mitengo ya chinangwa, anamupatsa nkhuku yaikazi, n'kumuperekeza mpaka pamtsinje. Tsiku lomwe tinkaika anganga m'manda kunabwera amuna awiri panjinga kuchokera tsidya lija, thumba la chimanga atamanga pakaliyala. Ine sindinkawadziwa. Anali ana aja.

Musanayambe kunena kuti ife Amalawi ndiye timadziwa umunthu, dikirani ndikukumbutseni za Taiwan. Ubale uja wa 1966 unakhala zaka 41. Chipatala chachikulu cha Mzuzu anamanga ndi iwowo, ndipo madokotala awo ankathandiza anthu ambiri omwe ali ndi HIV kumeneko. Pa 28 December 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasayinirana ndi China mwakachetechete, n'kudzalengeza pa 14 January 2008 kudzera mwa Joyce Banda, yemwe anali nduna yoona za ubale ndi mayiko akunja. Pakati pa masiku awiriwa nduna ya ku Taiwan inanyamuka kuti idzakambirane nafe, koma inabwerera panjira poti kuno kunalibe woilandira. Madokotala aja analongedza. Odwala awo sanafunsidwe maganizo.

Sindikunena kuti kusankha China kunali kupusa. China ndi yomwe ili pampando ku United Nations kuyambira 1971, South Africa ya Mandela inasintha mbali mu 1998, ndipo lero mu Africa muno ndi Eswatini yokha yomwe yatsala ndi Taiwan. Ndikanakhala nduna mwina nanenso ndikanasayina. Komanso ndisanamizire kuyera: digiri yanga ndinaitengera ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, m'makalasi omangidwa ndi ngongole ya China. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, BICC, bwalo la masewero la Bingu, msewu wa Karonga–Chitipa, zonsezi ndi zipatso za siginecha imeneyo. Ndinadya nawo. Zomwe ndikunena n'zakuti chomwe ndimadandaula kuti anandichita, dziko langa linachitira mnzake wa zaka 41, ndipo palibe Mmalawi yemwe ndinamumva akusowa tulo.

Atsogoleri athu nawonso amadziwa kugwiritsa ntchito mkwiyo ngati wangawu. Akunja akawafunsa za ufulu wa anthu, amakumbukira mwadzidzidzi kuti ndife dziko loima palokha. Mu April 2011 Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yachinsinsi yomwe inatuluka, momwe kazembeyo ankati mtsogoleriyu sakufunanso kudzudzulidwa. Britain inaimitsa thandizo lake la bajeti. Ine ndinali ndi zaka 14, ndipo chomwe ndimakumbukira ndi mizere ya galimoto pa mafilingi siteshoni ndi maliro a anthu pafupifupi 20 omwe anawomberedwa pa zionetsero za 20 July. Wonyada anali wina, wolanga anali wina, koma amene anagona pamzere ndi amene analowa m'bokosi sanali m'modzi mwa awiriwa.

Ndipo musaganize kuti za ukazembezi zimathera ku Capital Hill. Nandolo yemwe tinkasenda uja ali ndi pasipoti. Mu August 2017 India, yemwe amagula nandolo wambiri wa kuno, anaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake. Mozambique anali atasayinirana kale ndi India mu 2016, ife ayi. Mtengo unagwa moti mavenda ankachita kukana matumba, ndipo amalume amaseka kuti chaka chimenecho nandolo wa ku Mulanje ankawoloka Muloza usiku n'kukadzuka ali nzika ya Mozambique. Mgwirizano wathu, wa matani 50,000 pachaka, unadzabwera mu 2021. India yemweyo ndi amene anabwereketsa ndalama za mapaipi omwe amatenga madzi a mu Likhubula kupita nawo ku Nguludi ndi ku Blantyre. Pamwamba pa phiri, m'chigwa cha Chambe chenichenicho, kampani ina yolumikizana ndi Japan ndi Canada inayamba kufufuza miyala ya rare earth cha m'ma 2011, China itangofinya kagulitsidwe ka miyala imeneyi mu 2010. Miyala yake ndi yomwe imalowa m'zipangizo ngati foni yomwe mukuwerengerapo inoyi. Chikomyunizimu chinatha, koma akuluakulu sanasiye kulimbirana, angosintha cholimbirana. Dzulo ankafuna mlonda, mawa adzafuna dothi. Adzabwera ndi mawu okoma a ubwenzi, ndipo ena mwa iwo adzakhala akunenadi zoona pa tsiku limenelo.

Kuno kwathu ndi kwa chikamwini, ndiye za mlendo wokhala pakhomo chifukwa cha zofuna zake timazidziwa bwino. Mkamwini sabwera pamudzi chifukwa chokonda apongozi. Aliyense amadziwa chomwe wadzera, ndipo palibe amamuda nacho. Amamanga nyumba, amalima, amabereka ana a mbumba ya eni. Banja likhozanso kutha, si zachilendo. Koma pali kathedwe. Ankhoswe amaitanidwa, nkhani imakambidwa poyera, za ana zimakonzedwa, nyumba imatsala. Mwamuna yemwe anthu amamutukwana mpaka m'badwo wachitatu si amene anachoka, koma amene anati ndikupita kumsika, n'kusowa mpaka kalekale, mkazi ali ndi pakati, munda uli pakati pa kupalira.

Apa ndi pomwe ndafika, ndipo ndikudziwa kuti sipakwanira. Sindingauze dziko lina kuti lizindikonda, kapena kuti misonkho ya anthu ake izindidyetsa mpaka muyaya. Ali ndi ufulu wosintha maganizo monga tinasinthira ife pa Taiwan. Koma ukalola kuti munthu atsamire pa iwe, ukamuuza kuti asiye njira zake zakale poti iwe ulipo, wadzimangirira ngongole yomwe sinalembedwe m'pangano lililonse: kumuchenjeza nthawi ikadalipo, kumaliza mzere womwe unayamba, kutsanzika. Wodwala yemwe unamuyambitsa mankhwala a moyo wonse sali ngati msewu womwe ungausiye theka. Vuto la ubale wa mayiko n'loti ulibe ankhoswe amphamvu kuposa mkamwini. Omwe alipowo amadya kwa mkamwini yemweyo.

Amalume sagwirizana nane. Akuti ndikufuna kuphunzitsa fisi mwambo wa pamaliro, ndipo nthawi imeneyo bola ndikanaithera kumanga khola lolimba. Akuti dziko lomwe mankhwala ake, feteleza wake ndi malipiro a ana ake ophunzira zimadikira chisankho cha kwa eni, lisamadabwe likadzuka lili lokha. Pamenepa sindiwatsutsa. Ndimangowauza kuti kumanga khola ndi kutchula fisi kuti fisi sizilimbana, munthu akhoza kuchita zonse ziwiri. Iwo amati ophunzira timatha kutchula kokhako.

Mwina akunena zoona, chifukwa Loweruka lapitali ndinachita manyazi omwe sindinawayembekezere. Ndinali pamsika pa Chambe ndikugula tomato pomwe mayi wina anandigwira dzanja. Ndinamuzindikira mochedwa: mmodzi mwa anthu omwe ndinawalemba, wa nyumba yomwe madzi anaikokolola n'kusiya maziko okha. Anabwera ndi mtolo wa nkhuni pa njinga ya mwana wake. Sanakalipe. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za kunyumba, kenako anati, "Achimwene, paja munati Lachinayi. Ife tikumasonkhanabe pansi pa mtengo uja. Kapena tinamva molakwa tsiku?"

Ndinayamba kufotokoza za dziko lomwe likuunikanso mfundo zake, koma mawuwo anandithera m'kamwa. Mayiyu dziko limenelo sanalionepo. Likulu la bungwe lathu sanafikeko. Amene anakhala pamphasa yake, kumwa thobwa lake, kulemba mayina a ana ake ndi kunena kuti Lachinayi, ndine. Kalata yanga ya ndime ziwiri ija ine ndinailandira, ndipo ndinakwiya kuti inali yaifupi. Iwo sanalandire ngakhale ndime imodzi. Ndinalongedza chikwama n'kubwera kudzadandaula pakhonde la amalume kuti anditaya, mayina 312 ali phee mu laputopu.

Ndilibe malata oti ndikawapatse, ndilibe mbewu, ndilibe ngakhale nkhuku yaikazi. Ofesi yomwe ikanandituma inatsekedwa, ndipo palibe amene adzandibwezere ya thiransipoti. Amalume ati ndikukadzipalira mkwiyo wa anthu pa mlandu womwe si wanga, ndipo mwina andithamangitsa ndisanamalize kuyankhula. Komabe andibwereka njinga. Tayala lakumbuyo limatuluka mpweya, ndiye ati ndinyamule pampu, ndidzuke kusanache kuti ndikafike dzuwa lisanakwere, ndipo pobwera ndiwafunsire mtengo wa nandolo ku Phalombe. Mawa ndi Lachinayi.